Dzanja la Che Aliyasi ndi Ndowa ya Abiti Mussa

Linali Lachinayi, wotchi ya m'chipinda chopimira odwala ikusonyeza 9:20 m'mawa, pamene ndinatsegula pakamwa panga pamaso pa dotolo kwa nthawi yoyamba. Wotchiyo inkathamanga ndi mphindi khumi, choncho wofuna nthawi yeniyeni achotsere yekha. Ndinali nditagwira ntchito m'zipatala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndikukolopa, kuchapa nsalu za pabedi, kukankha machira ndi kutaya zimene anthu safuna kuziona. Pa zaka zonsezo mawu anga kwa madotolo anali awiri okha, "inde" ndi "pepani", ndipo nawonso ndinkawanena ndikuyang'ana zala zanga za kumapazi.

Julieta ndi Tomasi, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ine, mayi wanu woopa ngakhale kutsitsa mtengo wa tomato, ndikwere ambulansi mpaka ku Nampula ngati munthu wofunika. Mumafunsanso za kamtolo ka nsomba zouma kamene kamabwera kuchokera ku Mandimba kopanda moni, kopanda kalata. Pakamwa sindingathe kufotokoza, mumandiseka ndisanafike pakati. Tsopano poti ndapuma pa ntchito ndipo mawondo andikhazika pansi, ndalemba m'kope muno. Sukulu yanga ndi ya makalasi atatu, ndiye mukapeza polakwika musakonze, mungowerenga.

Mandimba, chaka chimene Julieta anayamba kukwawa

Tinabwerera kwathu kuchokera ku Malawi nkhondo itangotha. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Julieta ali kumsana, bambo anu akunyamula anthu ndi matumba pa njinga kumalire. Chipwitikizi sindinkachidziwa, chifukwa sukulu yochepayo ndinaphunzira kothawa nkhondo. Nditamva kuti pachipatala china chaching'ono akufuna sereventi, munthu wokolopa ndi kutumidwa, ndinapita. Sikunali kulimba mtima. Apongozi anga anandiperekeza mpaka pakhomo n'kundikankha.

Tinalipo akazi asanu ndi mmodzi. Wotisankha anali mkulu wa anamwino, Dona Gilda, mayi wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Anzangawo anafotokoza mbiri zawo, wina mpaka anaimba kanyimbo ka Chipwitikizi. Ine anandifunsa dzina katatu. Kachitatuko anayankha ndi Julieta, ndi kulira. Dona Gilda anatembenukira kwa mlonda amene ankamasulira.

"Uyu ndi amene ndikumufuna. Enawa azidzandiuza nkhani tsiku lonse pansi pali pakuda."

Tsiku lomwelo anandipatsa chikolopa, ndowa ndi lamulo. "Rosa, sereventi ali ndi manja awiri ndi miyendo iwiri. Makutu ndi pakamwa azisiya pageti, azikazitenga poweruka." Lamuloli silinandivute m'pang'ono pomwe. Tsiku lina pa msonkhano wa antchito, Dona Gilda anakoka mpando n'kukhala, mwendo wa mpandowo uli pa chala changa chachikulu. Msonkhano unali wa sopo amene ankasowa, ndipo unatenga ola lathunthu. Ine ndinaima kumbuyo kwawo misozi ikutsika. Pomaliza anacheuka, n'kuuza onse kuti, "Taonani Rosa, nkhani ya sopo yamukhudza kuposa inu nonse." Chikhadabo chinachoka patapita sabata.

Mwana sankaloledwa m'zipinda za odwala. Pageti panali mayi wina Wachisilamu wogulitsa zitumbuwa, Abiti Mussa, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi ndi zisanu. Anandiona ndikuzungulirazungulira ndi Julieta, n'kungotambasula manja. Anamusunga zaka ziwiri osalandira kanthu. Mwamuna wake, Che Aliyasi, nthawi imeneyo ankapalasa njinga kukagula nsomba zouma ku Amaramba, ndipo ankamveka asanaonekere, mwina chifukwa cha mawu, mwina chifukwa cha fungo.

Pakamwa ndinkasiyadi pageti, koma makutu ankanditsatira. Chipwitikizi chinandilowa ngati fumbi la m'chilimwe, osachiitana. Ndinayamba ndi mayina a ziwalo za thupi ndi mawu okalipira, poti ndi amene ankamveka kwambiri. Patatha zaka zitatu ndinkamva chilichonse, koma palibe amene ankadziwa, ngakhale bambo anu.

Ngauma, zaka za mapoto awiri

Ananditumiza ku Ngauma Tomasi ali m'mimba. Kumeneko tinali awiri basi, namwino Bambo Kalisto ndi ine. Sopo ankasowa, nsalu zinkasowa, mafuta a nyale ankasowa. Zimene sizinkasowa ndi odwala ndi madzi a pamjigo. Ntchito yanga ina inali kuwiritsa masizasi ndi zitsulo zina zogwirira zilonda. Tinali ndi mapoto awiri, wamkulu wokhuthala ndi wamng'ono wopyapyala. Madzi a pamjigo aja ankasiya zoyera zolimba ngati njereza m'kati mwa mapotowo, ndipo Loweruka lililonse ndinkapala ndi chogwirira cha supuni. Wamkulu ndinkamupala mopanda mantha. Tsiku lina ndinapala wamng'ono ndi mphamvu zomwezo, supuni n'kutulukira kunja. Bambo Kalisto anamunyamula n'kundisuzumira pabowopo.

"Mayi Rosa, njereza mwaichotsa ndithu. Kungoti mwachotsa ndi poto yemwe."

Ku Ngauma ndi kumene ndinaphunzira mmene anthu athu amadwalira. Bambo akalasidwa ndi minga amafika dzuwa lisanakwere, atakwezedwa pa njinga, abale anayi akumutsatira, wina atanyamula mphasa. Mayi amadikira fodya athyoledwe, chimanga chilowe m'nkhokwe, mbuzi ibereke. Akafika n'kufunsidwa kuti zayamba liti, amati dzulo, ndipo dzulo lakelo ndi mvula ya chaka chatha. Nthawi zambiri sayankha n'komwe, amamuyankhira ndi mwamuna wake.

Pali mayi mmodzi amene sindimuiwala. Mwamuna wake anauza Bambo Kalisto kuti mkaziyo wangotopa ndi fodya, iye n'kuvomera ndi mutu. Atatuluka anandipeza pamjigo ndikutsuka poto, anapempha madzi akumwa, n'kundiuza kuti akamakwera chitunda pachifuwa pamamuthina ngati wina wamukhalira, ndipo kupweteka kumafika m'nsagwada. Ndinati, "Bwererani mukawauze anamwino." Anaseka, nati zatha kale. Ine sindinapite kukanena, poti makutu anga ankayenera kukhala pageti. Sabata yotsatira tinamva kuti wagwa m'munda osadzukanso. Nkhani imeneyi sindinauzepo munthu mpaka lero.

Cuamba, nyengo ya mango, zaka zitatu ndisanapume

Tinasamukira ku Cuamba bambo anu atapeza ntchito pafupi ndi njanji. Pachipatala chimene ndinkagwira, Lachinayi linali tsiku la odwala mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Ine ndinkawakweza pasikelo panja, kenako n'kulowa kukakolopa fumbi limene abweretsa. Dotolo wathu anali Dotolo Helder, wochokera kumwera, wamsinkhu wa Julieta, munthu wofatsa. Chinyanja chake chinali "muli bwanji" basi, ndipo munthu akamuyankha ankamwetulira ngati wapambana mayeso.

Lachinayi lina ndinamva mawu pamzere ndisanaone mwini wake. Anali Che Aliyasi. Njinga anaisiya kalekale, tsopano anali ndi mashopu awiri ku Mandimba ndi mimba yoyenerana nawo. Dzanja lamanja analikoleka pakhosi ndi kapulana, chitenje chatsopano cha mkazi wake, ndipo anthu ankawapatsa moni ndi chigongono. Kumbuyo kwake kunali Abiti Mussa, atanyamula chikwama, botolo la madzi ndi kamtsamiro ka dzanjalo.

"Amake Julieta, mwakalamba," anatero Abiti Mussa, tikugwirana manja.

"Inunso, amayi."

Nkhani yonse ndinaimva kwa Che Aliyasi, amene ankaifotokozera mzere wonse kaya wafunsa kaya sanafunse. Mwana wawo Jafali amagwira ntchito ku Maputo. Bambowo atadandaula pachifuwa kwa mwezi umodzi, Jafaliyo anawaitanitsa, mayi n'kupita nawo ngati wowasamalira. Kumeneko anapezeka kuti mitsempha yopatsa mtima magazi yauma, yachita miyala m'kati.

"Analowetsa kachitsulo kozungulira apa," ankatero akuvundukula dzanja, "n'kuyenda nako mpaka mumtima. Kanapera miyala ija ngati chigayo. Kenako anasiyamo kamono ka waya kuti njira isatsekekenso. Ine wa nsomba, lero ndikuyenda ndi mono pachifuwa."

Anthu ankadzuka kudzaona balalo. Linali pamene timavala wotchi, kukula kwake ngati polumidwa ndi udzudzu.

"Nanga mayiwa akudikira inu?" anafunsa bambo wina wachipewa.

"Nawonso anawachitako pang'ono."

Pang'ono pakepo panali potere. Abiti Mussa anali atatha zaka zitatu akupuma mobanika akamayenda, osauza munthu. Ku Maputo, akukwera masitepe a chipatala ndi chikwama cha mwamuna wake, anakhala pansi n'kulephera kudzuka. Namwino wodutsa ndi amene anati ameneyunso apimidwe. Mitsempha yake inapezeka youma kuposa ya bambo. Madotolo anawachita opaleshoni onse awiri m'sabata imodzi, ndipo tsopano, patatha masiku khumi, ankakhala kwa mphwake wa Che Aliyasi ku Cuamba kuti dotolo aziwaona asanabwerere ku Mandimba.

Analowa limodzi, ine ndili pakona ndi chikolopa. Dotolo Helder anawerenga mapepala onse awiri. Dzanja la bambo analiona, n'kuliyamikira, koma bambo anapempha kuti alionenso pafupi ndi zenera. Kenako dotolo anatembenukira kwa mayi, n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti Che Aliyasi amasulire. Anati amayi amafunika kuwayang'anira kwambiri akachitidwa zimenezi, chifukwa kawirikawiri amafika mochedwa matenda atakula, mitsempha yawo imakhala yaing'ono ndi yopyapyala, ndipo savuta kutaya magazi pamene kachitsulo kanalowera. Ine ndinakumbukira poto wanga wamng'ono. Anatinso mtsempha wa padzanja la mayiwa unachepa, choncho analowera pamwamba pa ntchafu, m'mphechepeche. Pomaliza anati kwa milungu ingapo asanyamule cholemera.

Che Aliyasi anamvetsera akugwedeza mutu ngati munthu amene zonsezi ankazidziwa kale. Kenako anauza mkazi wake kuti, "Akuti muzimwa mankhwala. Akutinso ine ndisanyamule kanthu kolemera kuposa kapu."

Dotolo anafunsa mmene mayi akumvera. Abiti Mussa anayang'ana pansi n'kuyankhula motsitsa, koma motalika. Anati akaimirira amaona chizungulire, mwendo wamanja ukulemera, usiku sagona bwino, ndipo mtima umathamanga ngati wa nkhuku yogwidwa.

"Está bem, doutor," anatero Che Aliyasi, kutanthauza kuti ali bwino.

Dotolo anadabwa. "Zonse zija ndi zimenezo?"

"Chinyanja n'chachitali, dotolo."

Dotolo anapempha kuona bala. Che Aliyasi anamasulira kuti, "Akuti muvule." Abiti Mussa anakokera kapulana mpaka kumapazi n'kupukusa mutu, ndipo bambo anati mayi akuti linapola. Dotolo anafunsanso kawiri, anatchula zoitana namwino wamkazi, mayi n'kumangopukusabe mutu, poti zimene zinkafika kwa iye ndi "muvule" yekhayekha. Dotolo sakanakakamiza munthu. Anati pakatupa kapena kupweteka abwere nthawi yomweyo, ndipo mawu amenewo sanawoloke n'komwe. Ine ndinakolopa pansi pa mpando wa Che Aliyasi mwamphamvu kuposa masiku onse. Ndi zokhazo zimene ndinachita.

Lachinayi lotsatira

Atakwera pasikelo, Abiti Mussa anandigwira phewa kuti asagwe. Zikhato zake zinali zoyera ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Anandinong'oneza kuti ndimuperekeze kuchimbudzi. Tinayenda pang'onopang'ono, iye akukoka mwendo. Bambo sanaone, anali ndi anthu atsopano pamzere amene anali asanaone dzanja.

Titatseka chitseko anamasula kapulana yekha. Pamwamba pa ntchafu panali chotupa chachikulu ngati mango a boloma, chakuda mofiirira, mdimawo utatsikira mpaka pakati pa ntchafu. Anatenga dzanja langa n'kuliika pamenepo. Chinkagunda ngati mtima wachiwiri.

"Amayi, zayamba liti?"

"Dzulo."

"Dzulo lake liti?"

Anaseka pang'ono. "Tsiku limene tinafika. Ndinanyamula ndowa ya madzi osamba a bambo, ndinamva kuti thu."

"Kunyumbako kulibe atsikana?"

"Alipo atatu. Koma madzi osamba a mwamuna wanga apereke mkazi wina ine ndili moyo? Anthu azidzati chiyani? Ndipo bambo sangathe, dotolo anawaletsa."

"Analetsa inu, amayi. Pepala lanu likutero. Dotolo ananenanso pamaso panga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu mumamva Chipwitikizi?"

Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi.

Anamanganso kapulana, n'kundigwira dzanja molimba. Anati dotoloyo ndi msinkhu wa Jafali, sangamuonetse malo amene ngakhale mwamuna wake sawaona masana. Anati akamugoneka m'chipatala bambo adzawasamalira ndani. Anati Jafali wawachitira zazikulu, asamve kuti mayi ake sanachire. Anati ku Mandimba akakathowa ndi madzi otentha chidzaphwa.

"Amake Julieta, ine ndinakusungirani mwana zaka ziwiri. Inu mundisungire ichi tsiku limodzi. Lero tikwera minibasi ya chapa, tizipita kwathu."

Ndinati, "Inde, amayi." Ndi mawu amene pakamwa panga panazolowera.

M'chipinda zinayenda ngati sabata yatha. Dzanja linaonedwa, kenako linaonedwanso pazenera. Dotolo anauza Che Aliyasi kuti kapulana ya pakhosiyo akhoza kuichotsa, dzanja linapola kalekale, koma mawu amenewo bambo sanawamve bwino. Atafika kwa mayi, dotolo anamuyang'ana m'maso ndi m'zikhato, nkhope yake n'kukayika. Anafunsa ngati pali popweteka, ngati pabala patupa. Che Aliyasi anamasulira kuti, "Akufunsa ngati mwadya."

"Ndikaimirira ndimaona mdima," anatero Abiti Mussa, motsitsa kwambiri.

"Está bem, doutor."

Dotolo analemba kapepala kokayezetsa magazi. Che Aliyasi anati akayezetsa ku Mandimba, chapa ya masana ikuwadikira, katundu wamangidwa kale. Dotolo anapumira m'mwamba n'kuyamba kulemba tsiku loti adzabwerenso mwezi wamawa.

Ine ndinali nditakolopa kona imodzi katatu. Msewu wa ku Mandimba ndimaudziwa, ndimadziwanso mmene chapa imadzazira, bondo la mnzako pantchafu pako, thumba la mchere pamiyendo. Ndinaganiza za chotupa chogunda chija pansi pa thumba la mchere. Ndinaganiza za Dona Gilda ndi geti lake, ndi zaka zitatu zimene zinanditsalira kuti ndipume mwaulemu. Ndinaganiza za Julieta akugona pamiyendo ya mayi ameneyu, pakamwa pali mafuta a zitumbuwa. Kenako ndinaona mayi wa ku Ngauma akumwa madzi pamjigo. Ndinakweza maso, wotchi ikuti 9:20.

"Dotolo, sali bwino."

Ndinanena m'Chipwitikizi. Ndinkafuna kunong'ona, koma mawu osagwiritsidwa ntchito zaka zonsezo sadziwa muyeso. Anatuluka ngati chitseko cha dzimbiri, mpaka a pamzere panja anakhala chete. Dotolo anayang'ana kukhomo, poganiza kuti walowa wina.

"Wayankhula ndani?"

"Chikolopa," anatero Che Aliyasi.

Ndinatsamira chikolopa chomwecho. Ndinanena zonse ndikuyang'ana pansi: chizungulire, mwendo, mdima, ndowa, chotupa ndi kugunda kwake. Mawu amene ndinawatola m'makona a zipatala zitatu anabwera okha, ena mwina opindika, koma anafika. Nditamaliza ndinawonjezera kuti "pepani", chifukwa cha chizolowezi.

Dotolo anapempha Che Aliyasi kuti atuluke, n'kuitana namwino wamkazi. Kenako anakoka mpando wake pafupi ndi mayi, n'kundiuza kuti ndinene mawu ake onse osasiyako. Anati sakhudza popanda chilolezo, namwino ndi amene avundukule pamalo pokhapo, kwina konse kukhale kofunda. Anati akuopa kuti mtsempha ukudontha m'kati, ndipo mankhwala amene akumwa ochepetsa kuundana kwa magazi amachititsa kuti kudonthako kusaleke msanga. Aka kanali koyamba Abiti Mussa kumva mawu a dotolo athunthu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukokera mpango wa kumutu pankhope.

"Aone. Amake Julieta andivula kale."

Dotolo ataona sanachedwe. Anayamba kulamula. Machira anabwera, ndipo ndinawakankha ndine. Mayi anagonekedwa chagada osaloledwa kupinda mwendo, namwino akutsindikiza pamalopo. Magazi atayezedwa anapezeka ochepa kwambiri moti anafunika kuwonjezera. Dotolo anaimba lamya ku Nampula, kumene kuli odziwa kusoka mitsempha, n'kugwirizana kuti akalimbako anyamuke m'mawa. Akusamba m'manja anandiuza kuti akanakwera chapa ija mwina sakanafika.

"Mabuku amanena kuti amayi amavutika kuposa abambo akachitidwa zimenezi," anatero. "Amatchula mitsempha yopyapyala, msinkhu, kufika mochedwa. Ndi zoona zonsezo. Koma ndowa sanailembemo." Anapukuta manja. "Dona Rosa, mwakhala mukumva zonse zimene timayankhula muno?"

"Inde, dotolo."

"Ngakhale zija ndinanena za chakudya cha pachipatala pano?"

"Pepani, dotolo."

Che Aliyasi ndinamupeza pabenchi panja, yekha, opanda womuonetsa dzanja. Ndinafuna kudutsa mwakachetechete koma anandiitana.

"Mayi, mwandichititsa manyazi pamaso pa mwana."

"Pepani, bambo."

"Khalani apa." Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi. Iye ankasewera ndi mfundo ya kapulana ya pakhosi. "Chizungulire amati chiyani m'Chipwitikizi?"

Ndinamuuza.

"Nanga kutupa?"

Ndinamuuzanso. Anabwereza mawuwo kawiri, molakwika.

"Ine Chipwitikizi changa ndi cha pamsika," anatero osandiyang'ana. "Mitengo, masikelo, mayina a nsomba, kukangana ndi a kasitomu kumalire. Dotolo akayamba zake ndimatolapo mawu amodzi mwa khumi. Ndikanati sindikumva, Abiti akanandiona bwanji? Zaka makumi anayi amadziwa kuti mwamuna wake amayankhula ndi boma."

Ndinayang'ana zala zake za kumapazi m'malo mwa zanga.

Atamva kuti pakufunika magazi anaimirira, n'kupita kwa dotolo atapinda malaya a dzanja lamanzere, nati atenge onse amene akufuna. Dotolo anati sizingatheke chifukwa cha mankhwala amene nayenso akumwa. Ndinamasulira ndine. Che Aliyasi anaumirira kawiri mokweza kuti a pamzere amve, kachitatu n'kukhala pansi msanga dotolo asanasinthe maganizo. Magazi anapereka mphwake ndi mmodzi wa atsikana aja.

Masana anandiitana ku ofesi ya mkulu wa anamwino. Ndinapita nditapinda kale yunifolomu yanga ina m'kathumba, kuti akandichotsa ndisabwererenso kudzatenga. Mkuluyo anati ambulansi ipita ndi namwino wamwamuna wosadziwa Chinyanja, ndipo dotolo wanena kuti wodwalayu asapite kulikonse popanda pakamwa pake.

"Pakamwa pake ndi inuyo. Mubwere m'mawa ndi zovala za masiku atatu."

Ndisanaweruke ndinadutsa ku chipinda cha amayi. Abiti Mussa sakanatha kutembenuka thupi, koma atandiona anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinaima pamenepo pang'ono, ndinakonza nsalu ya kumapazi kwake, n'kutuluka.

Lachisanu m'mawa

Ndinavala kapulana yanga ya kutchalitchi. Bambo anu anandiperekeza mpaka pageti, akundiyang'ana ngati mkazi amene amuona koyamba, chifukwa nkhani inali itafika kale kunjanji. Ndinalowa m'chipinda chopimira, ndinatsuka chikolopa, ndinachifinya, n'kuchiimika kuseri kwa chitseko.

Ambulansi inali itaima kale. Che Aliyasi anatulukira atanyamula chikwama cha mkazi wake, botolo la madzi ndi kamtsamiro kaja. Pakhosi panalibe kapulana. Chikwama chinali m'dzanja lamanja, lomwe lija, ndipo ankayenda mopendekera kuti aliyense aone kulemera kwake. Kamtsamiro anakaika yekha pansi pa mutu wa mayi, mokhotakhota, n'kukakhala kutsogolo ndi dalaivala.

Ine ndinakwera kumbuyo ndi namwino uja, n'kukhala pakabenchi pafupi ndi machira. Tinatuluka pageti, tinadutsa msika, tinawoloka njanji, maso a Abiti Mussa ali kudenga. Nyumba zitayamba kuchepa ndi pamene anayankhula.

"Amake Julieta."

"Amayi."

"Sindinakukhululukireni."

"Inde, amayi."

"Ndipo musayembekezere."

"Inde, amayi."

Tinayenda kamtunda. Kenako dzanja lake linatuluka pansi pa nsalu n'kugwira kapulana yanga.

"Tikafika muwauze zonse. Musayambire pa ndowa. Muyambire zaka zitatu zapitazo, pa chitunda cha kumsika. Ine ndizinena, inu muzipereka, osadula."

"Zitenga nthawi, amayi."

"Adikira. Dzanja analiona kawiri." Anatseka maso. "Ndipo bambo akayamba zawo zija, mukweze mawu ngati dzulo."

Ndinayang'ana kutsogolo. Kudzera pa kagalasi ndinaona Che Aliyasi akuonetsa dalaivala kabala kake, dalaivala akuyesetsa kuyang'ana msewu. Ndinakhala bwino pabenchi, ndinayeretsa kukhosi, n'kuyamba kuyeserera mawu a chitunda, kubanika ndi zaka zitatu, poyamba chamumtima, kenako mokweza pang'ono.